Makompyuta Amene Ndinawaveka Zitenje

Tadala ndi Mphatso, ana anga, za kumudzi ku Ntcheu ndi za kusukulu ndinakufotokozerani pakamwa mpaka munatopa nazo. Pano ndikulemba za ntchito, chifukwa ndamva mukuuza anzanu kuti amayi anu anali a zamakompyuta, ngati kuti ndinabadwa nazo. Sizinali choncho. Ndinazilowa ndili ndi imvi, mokakamizika, ndipo ndinatsala pang'ono kugwa nazo chifukwa cha nzeru zanga zomwe.

1982: Chipinda cha otayipa

Ntchito yanga yoyamba inali yotayipa makalata mu ofesi ina ya boma kuno ku Lilongwe. Tinalipo atsikana khumi ndi anayi m'chipinda chimodzi, aliyense ndi tayipulaita yake, ndipo tikayamba tonse phokoso lake linkakhala ngati matalala pa malata. Wotiyang'anira anali Mayi Gomani a ku Dedza, afupi, ovala magalasi a chingwe. Sankakweza mawu, koma akangokuyang'ana unkadziwa kuti walakwa. Kalata ikakhala ndi cholakwika ngakhale chimodzi ankachizunguliza ndi inki yofiira n'kukubwezera. Anatiphunzitsanso kusunga kabuku kolembamo ntchito iliyonse ndi nthawi imene yachitika. Koma lamulo lawo lalikulu linali la chivundikiro: ukanyamuka pa mpando, ngakhale ukupita kukamwa madzi, makina uvundikire. Tsiku langa lachitatu ndinathamangira basi ya ku Kawale n'kuiwala. M'mawa mwake ndinawapeza ataima pa tebulo langa, atapaka chala pa makina, chalacho chili psuu.

"Nangondo," anatero, "mwana wako ungamusiye panja wosavala?"

"Ndilibe mwana, madamu."

"Uli naye, ndi uyu. Ndi amene akukudyetsa. Fumbi la ku Lilongwe silichita manyazi ndi munthu."

Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Zaka khumi ndi zitatu zimene ndinakhala m'chipindacho makina anga sanapitepo kwa okonza, ndipo ndinkanyadira zimenezo kuposa momwe Mkhristu ayenera kunyadira.

1995: Sukulu ya ntchito zamanja ku Kawale

Maofesi atayamba kulandira makompyuta, otayipa tinachuluka kuposa ntchito, ndipo ine ndinali m'gulu la amene anatipumitsa. Bambo anu anali atamwalira kale, ndiye kukhala pansi kunalibe. Mpingo wathu unali ndi kasukulu ka ntchito zamanja ku Kawale, kophunzitsa kusoka, ukalipentala ndi kutayipa, ndipo ananditenga kukhala mphunzitsi wa zotayipa. Kumeneko ndinaphunzira kusowa. Riboni ikauma tinkainyowetsa ndi inki ya chidindo. Pepala tinkalemba mbali zonse ziwiri, kenaka n'kulembanso pakati pa mizere. Tayipulaita imodzi inalibe chilembo cha "e", ndipo ndinkaipatsa wophunzira amene wabwera mochedwa. Ophunzira anga anali amayi ndi atsikana ochokera ku Biwi, ku Chinsapo, kwa Mgona ndi ku Area 23, ena akubwera wapansi, ndipo ambiri ankapeza ntchito akamaliza.

Mkulu wa sukuluyo anali a Maseko, amene anapuma pa uhedimasitala. Anali munthu wolungama, wosaba ngakhale choko, koma anali ndi matenda amodzi: ankakonda kuti zinthu zizioneka bwino kuposa kuti zizigwira ntchito. Mabuku abwino onse ankakhala m'kabati yagalasi yokhoma, kuti alendo akabwera awapeze oyera. Ndinkawaseka chamumtima, osadziwa kuti ine ndi iwo tinali mbalame za nthenga imodzi.

Ogasiti 2005: Mabokosi asanu ndi atatu

Pofika chaka chimenechi kalasi yanga inali itatsala ndi anthu asanu. Kulikonse kumene wophunzira wanga wapita kukafunsira ntchito ankamufunsa funso limodzi: kompyuta mumaidziwa? Mwa asanuwo munali Esinala, mayi wamasiye wa ku Chinsapo wa ana atatu, amene ankagwira ntchito yotayipa pa kampani ina ya mathiraki. Bwana wake anali atamuuza kuti ikafika Januwale asakudziwa kompyuta, mpando wake adzakhalapo wina. Ankabwera kwa ine nthawi ya nkhomaliro, osadya, chifukwa anamva mphekesera yakuti makompyuta akubwera.

Anabweradi. Abale a mpingo wina wa kutsidya kwa nyanja anatitumizira makompyuta asanu ndi atatu amene anatha nawo ntchito m'maofesi mwawo. Kalata yawo inati m'kati mwake afufutamo zonse, ndipo kuti makinawo adzuke tiyenera kuikamo pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zina zonse, chifukwa popanda iyo kompyuta ndi bokosi chabe. Anati pulogalamu imene maofesi ambiri amagwiritsa ntchito ndi yogula komanso yolemera kwa makina okalamba, ndiye anatiikira chimbale cha ina yaulere yotchedwa Linakisi. Palibe mwa ife amene anali atamvapo dzinalo. Bokosi la kompyuta iliyonse linali ndi sitika yomata pamene chivundikiro chake chachitsulo chimakumana ndi thupi, ndipo a Maseko ataona masitikawo anatisonkhanitsa aphunzitsi tonse.

"Pasapezeke wotsegula mabokosi awa," anatero. "Abale athu akadzabwera adzapeze masitika awo ali momwemo, asadzati Amalawi taba za m'kati. Wong'amba sitika adzayankha yekha pamaso pa komiti."

M'chipinda changa munali soketi imodzi yokha, ndiye panapita miyezi iwiri tikudikira amagetsi adzawonjezere zina. Nthawi yonseyo mabokosi anali pansi pa matebulo, mawindo opanda magalasi, mphepo ikulowa ndi fumbi la msewu wonse wa Kawale. Mtima wanga sunapirire. Ndinatenga tepi ya a kalasi yosoka, ndinayeza bokosi, n'kujambula patani pa nyuzipepala. Ndipo poti ine ndine wanzeru, sindinafune chivundikiro wamba chochotsa pogwira ntchito. Ndinati fumbi limalowanso masana, ndiye makinawo azivala nthawi zonse. Kutsogolo ndinaika kachitseko ka batani kotsegula pofuna kuyatsa kapena kuika chimbale. Kumbuyo ndinasiya kabowo kamodzi ka mawaya, kokoka ndi chingwe ngati kamwa la thumba. Amayi a mpingo, motsogozedwa ndi Mayi Maseko, anasonkha chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, anachiphatikiza ndi nsalu yokhuthala m'kati, n'kusoka zonse zisanu ndi zitatu. Tsiku lowaveka kunali pemphero ndi nthungululu. Abusa anandiyamikira pa gome, ine ndinaweramitsa mutu modzichepetsa, mumtima ndikuvina.

Okutobala 2005: Milungu iwiri

Masoketi ataikidwa, a Maseko anaitana katswiri wa makompyuta kuchokera m'tauni. Anabwera masana dzuwa likuswa mtengo, wovala tayi, mafoni awiri m'manja. Anakhala pa mpando, anatsegula kachitseko kanga, n'kuika chimbale. Sikirini inasanduka yabuluu, panatuluka mafunso a Chingerezi, iye n'kumayankha mothamanga. Kenaka panabwera kamzere koyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, pamwamba pake nambala yosonyeza pamene ntchito yafika. Anati kakafika pa 100 ndiye kuti zatheka. Kanayenda, kanayenda, kanafika pa 20, n'kuima. Anamenya mabatani onse, makina ali duu. Anayesa kompyuta yachiwiri ndi yachitatu, chimodzimodzi.

"Madala, ndikuuzeni straight," anatero kwa a Maseko akupukuta thukuta. "Izi ndi zinyalala. Azungu amasowa kotaya, ndiye amatumiza kuno. Komanso sisitimu yakeyi palibe amaiyuza pa Malawi pano. Mungotaya nthawi."

Atapita, a Maseko anandiitanira mu ofesi. Anati komiti ya sukulu ikumana Loweruka lomaliza la mweziwo, ndipo iwo akapereka ganizo lakuti kalasi ya zotayipa itsekedwe, poti ophunzira atha ndipo makompyuta ndi akufa. Chipindacho atenge a zosoka. Makompyutawo aikidwe pa tebulo limodzi pakona, ovala bwinobwino, kuti eni ake akadzabwera adzaone kuti tinawasamala. Za ine sananene, koma ndinamva. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, Mphatso uli Fomu 2.

"Bambo, ndipatseni kiyi wa chipindacho mpaka tsiku la komiti," ndinatero.

"A Nangondo, katswiri walephera. Inu mudziwa chiyani?"

"Katswiri wakhala ola limodzi. Ine ndili ndi milungu iwiri."

Anatsegula dirowa n'kutulutsa kiyi. "Yesani. Koma masitika aja musawakhudze."

Kunena zoona, sindinkadziwa ngakhale poyambira. Makina ena sankachiwerenga n'komwe chimbalecho, ankangolemba kamzere kamodzi kodandaula kuti sakupeza chowadzutsa. Ndinakwera minibasi kupita ku Old Town, ndinalowa m'kanyumba ka intaneti kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, ndipo mwini wake anandisindikizira masamba angapo a anthu akunja amene anakumana ndi mavuto ngati anga. Chingerezi chake chinali chachilendo, koma ine ndinatayipapo malipoti a madokotala a ziweto, ndiye sindinachite mantha. Ndinaphunziramo kuti makina akangoyaka umenye batani lina msangamsanga, ulowe pamene pamakhala malamulo ake oyambirira, uwauze kuti ayambe awerenga chimbale asanayang'ane kwina. Zinatheka, ndipo tsiku limenelo ndinayenda ngati ndakwezedwa pantchito. Koma magetsi akangothima makinawo ankaiwala zonse, n'kubwerera ku chaka cha 1998, ine n'kuyambanso kuwauza ngati agogo ogontha.

Chotsala chinali kamzere kaja. Ndinatenga kabuku, monga anandiphunzitsira Mayi Gomani, n'kumalemba ulendo uliwonse: makina ati, nthawi yanji, kaima pati. Poyamba ndinaganiza kuti chimbale chakandika. Masamba aja anati mankhwala otsukira mano amathandiza, ndiye ndinachipaka, ndinachipukuta ndi mpango wanga wa kutchalitchi mpaka ndinadziona nkhope. Kamzere kanaima pa 24. Patatha masiku asanu kabuku kanayamba kundiuza kanthu. Ndikayamba hafu sikisi m'mawa kankafika pa 70 kapena kupitirira. Cha m'ma teni kankaima pa 40. Masana sikankadutsa 20. Ndinadzimenya pachifuwa kuti ndagwira mbala: kuseri kwa mpanda wathu kunali chigayo, ndipo chikalira masana mababu athu ankafooka. Ndinati ndi chimenecho chikutibera magetsi.

Ndinapita kwa mwini chigayo, bambo wa mpingo wathu womwe, n'kumupempha kuti azimitse kwa theka la ola. Anakana, ndinachonderera, ndinatchula ana amasiye a Esinala mmodzimmodzi, mpaka anavomera. Chigayo chinakhala chete masana a Lachiwiri, amayi a madengu a chimanga ali pamzere padzuwa, akundiyang'ana pa mpanda ndi maso oti akanakhala miyala sindikanalemba izi. Ndinathamangira m'chipinda, ndinayatsa, ndinayankha mafunso aja amene tsopano ndinali nditawaloweza. Kamzere kanaima pa 19. Ndinakhala pansi, Esinala ali pambali panga ndi chikwama chake pamiyendo, ndipo ndinalira. Sindinalire chifukwa cha ntchito yokha. Ndinalira chifukwa ndinaona kuti dziko landipitirira, ndipo zala zanga zimene zinakulerani zasanduka zopanda pake.

"Aphunzitsi, musadzivutitse," anatero Esinala. "Ndikagulitsa tomato, anzanga akugulitsa."

Mawu amenewo ndi amene anandidzutsa. Mayi wotayipa mawu makumi asanu pa mphindi akagulitse tomato ine ndili moyo? Ndinapukuta maso, ndinamuuza kuti abwere Lachinayi monga mwa nthawi zonse.

Lachinayi: Che Yusufu

Safunsa anadya phula. Akatswiri a matayi ndinali nditathana nawo, ndiye Lachinayi m'mawa ndinatenga kabuku kanga kupita kumsika wa Kawale kwa Che Yusufu, bambo wachikulire wa ku Machinga amene ankakonza mawailesi m'kakhumbi ka malata. Ndi amene anaukitsa wailesi ya bambo anu kawiri konse. Ndinawafotokozera zonse, za chimbale, za chigayo, za kamzere.

"Mayi, ine za makompyuta sindizidziwa olo pang'ono," anatero. Koma kabukuko anakatenga, anakweza magalasi, n'kuyendetsa chala chakuda ndi utsi pa manambala anga. "M'mawa patali, masana pafupi. M'mawa patali, masana pafupi. Wailesi yoimba m'mawa n'kusiya masana, vuto silikhala la siteshoni. Tiyeni ndikaione."

Tinafika Esinala atafika kale. Ndinayatsa makina oyamba, kamzere kanayamba ulendo wake. Che Yusufu sanayang'ane sikirini n'komwe. Anachita chinthu chimene katswiri uja sanachite, chimene ine mwini sindinachite milungu iwiri yonse: anagwada, n'kulowa pansi pa tebulo. Anasisita chitenje changa, anafufuza kumbuyo, analowetsa zala pa kabowo ka mawaya n'kuzibweza msanga.

"Aa! Ndani anamufunditsa bulangete wodwala malungoyu?"

Esinala anayang'ana pansi, poti analipo tsiku la nthungululu lija.

"Ndine," ndinatero.

"Chilichonse chodya magetsi chimatuluka thukuta, mayi. Taonani kuno." Anamasula chingwe, anavula chitenje chonse, n'kundisonyeza kumbuyo kwa bokosi. Panali timabowo tambirimbiri, ndipo kuseri kwake fani ikuzungulira, kukankha mpweya wotentha umene masiku onsewa unalibe kotulukira. Ndinagwira chitsulocho, chinali ngati simbi ya makala. Che Yusufu anati ntchito yoika pulogalamu ikuoneka kuti ndi yolemetsa, makina amalimbana nayo mpaka kutentha, ndipo akatentha mopitirira amangokomoka. M'mawa kukuzizira ankapirira nthawi yaitali, masana a Okutobala pansi pa malata ankagwa msanga. Chigayo chinalibe mlandu. Azungu analibe mlandu. Ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire, ndipo ndinalakalaka Che Yusufu akanandikalipira, koma iwo anangopinda chitenjecho bwinobwino n'kuchiika pa mpando.

Tinadikira kuti bokosi lizizire, tinayambanso lili losavala. Kamzere kanadutsa 20, kanadutsa 40, kanadutsa 70 dzuwa lili paliwombo. Esinala anayamba kuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Pa 83 kanaima. Che Yusufu anatsamiritsa khutu pa bokosi ngati namwino.

"Muli fani ina m'katimu, yaing'ono. Ikulira koma sikuyenda bwino. Pafunika kutsegula." Anaona sitika ija, anabweza dzanja. "Koma apa ine ayi. Katundu si wanga."

A Maseko anali ku maliro ku Dedza, obwera Loweruka m'mawa, ndipo kumudzi kwawoko foni sinkagwira. Panalibe wopempha chilolezo. Ndinakhala pa mpando n'kuyeza zinthu ziwirizo. Ndikasiya sitika, kalasi itsekedwa, koma ndichoka ndi dzina langa loyera, anthu azidzati makina anali akufa. Ndikadula n'kulephera, ndichoka ngati mayi amene anaswa lamulo n'kupisa m'katundu wa alendo, mu mpingo umene ndinaimbamo kwaya zaka makumi awiri, ndipo inu ana anga muzidzalozedwa zala pa Sande. Ndinkaopa, ndisakunamizeni. Koma ndinali nditaona kale kumene kusamala kwanga kunatifikitsa. Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa lezala limene ndinkapalira zolakwika pa mapepala, n'kudula sitikayo pakati. Kenaka ndinalemba m'kabuku tsiku ndi nthawi, ndi mawu akuti: wadula ndine, Nangondo, palibe wandituma.

Che Yusufu anamasula masikuluwu. M'katimo, pamwamba pa kachitsulo ka mano ngati chipeso, panali kafani kotsekeka ndi fumbi lakale lochokera kwawo komweko, ndipo pamwamba pa fumbilo panali ulusi wobiriwira wa chitenje changa. Tinabwereka pampu ya njinga kwa mlonda. Esinala ankapopa, Che Yusufu akulozetsa paipi, ine ndikuchotsa zotsalira ndi nthenga ya nkhuku monga ndinkachitira ndi matayipulaita. Anandisonyezanso kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, n'kunena kuti ndi kameneko kakuchititsa makina kuiwala chaka, ndipo kwa okonza mawotchi kamapezeka. Titatseka tinayatsanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine tsiku limenelo kudekha kunandivuta, ndinkangozungulira chipinda. Kamzere kanafika pa 83, kanazengereza, kenaka kanalumphira pa 84. Katafika pa 100 kathireyi ka chimbale kanatuluka kokha, makina anazima n'kudziyatsanso, anagwiragwira zina kwa kanthawi, kenaka anandifunsa dzina langa. Ndinalilemba. Pofika Lachisanu poweruka tinali titadula masitika anayi, ndipo makompyuta anayi anali amoyo.

Loweruka: Komiti

Anabwera anthu asanu ndi awiri, pamodzi ndi Mayi Maseko oimira amayi a mpingo. Ndinawapempha kuti asanakhale mu ofesi ayambe adzera m'chipinda changa. Anapeza masikirini anayi akuwala, mabokosi onse ali osavala, zitenje zitapindidwa pa mpando. A Maseko sanaone kuwalako. Maso awo anapita pansi pa tebulo, pa masitika odulidwa, ndipo nkhope yawo inagwa.

"A Nangondo, ndinanena chiyani?"

Ndisanayankhe, Mayi Maseko analoza pa mpando. "Nanga zovala zathu mwazivuliranji? Tinasoka milungu itatu ife."

Apa panali njira yachidule. Ndikanatha kunena kuti vuto linali fumbi la kwa azungu lokha, ndipo ine ndalipeza ndi nzeru zanga. Che Yusufu kunalibe, Esinala sakanandiulula. Koma ndinatenga chitenje chimodzi, ndinachitambasula pamaso pa onse, n'kuwasonyeza kumbuyo kwake kotsekeka.

"Amayi, munasoka bwino, ndipo munasoka zimene ndinakujambulirani. Patani inali yanga. Makina awa amapuma ngati munthu, ine ndinawatseka mphuno. Amene anawapha ndine, si azungu ayi. Masitika ndadulanso ndine, ndipo ndalemba m'kabuku umu. Bambo Maseko, ndikupempha chinthu chimodzi. Abale athu aja tiwalembere kalata lero lomwe yowauza zimene ndachita, ine ndisayina. Koma ailembe Esinala, pa makina awa, inu mukuona."

Esinala anakhala pansi, anapukuta manja pa chitenje chake, ine n'kuyamba kumuuza mawu. Anali ataigwira kompyuta tsiku limodzi lokha, koma mabatani a zilembo amakhala malo omwewo ngati pa tayipulaita, ndipo zala zake zinkadziwa njira. Mawu anayamba kutuluka pa sikirini mothamanga, komiti yonse inasendera kumbuyo kwake. Pa mzere wachitatu, poti anthu anamuunjirira, analakwitsa dzina la sukulu yathu. Ndinaona a Maseko akutukula chala, uhedimasitala utawadzukira. Esinala anamenya batani limodzi kanayi, cholakwikacho chinazimiririka, analemba bwino n'kupitiriza. Panalibe inki yofiira, panalibe pepala lotayidwa.

"Tabwerezani pamenepo," anatero mkulu wina wokalamba wa mpingo wathu. Esinala analakwitsa dala, n'kufufutanso. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.

A Maseko anawerenga kalata yonse pa sikirini, milomo ikuyenda. Kenaka anayenda pang'onopang'ono kupita ku makompyuta anayi otsala aja, amene masitika ake anali athunthu. Anaima pamenepo manja kumbuyo. Ine ndinali nditakonzeka kumva kuti ndilongedze.

"A Nangondo, lezala lija muli nalo pompano?"

Ndinawapatsa. Bambo wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri anagwada pa simenti ndi suti yake ya kumaliro, n'kudula sitika yachisanu ndi dzanja lake. Atadzuka anasasa mawondo n'kuuza Esinala kuti pansi pa kalatayo asiye malo a masiginecha awiri.

2009: Kupuma

Mwa asanu ndi atatu aja, awiri sanadzukepo, ndipo tinawachotsa ziwalo kuti zithandize anzawo. Asanu ndi mmodzi anagwira ntchito mpaka tsiku limene ndinapuma, ochedwa ngati ngolo ya ng'ombe, koma osakomokanso. Tinkawafunditsa kansalu kopepuka poweruka pokha, atazizira, ndipo Lachisanu lomaliza la mwezi uliwonse pampu ya mlonda inkagwira ntchito. Esinala mpando wake sanaulande munthu. Eni makompyuta aja anayankha kalata yathu patapita miyezi iwiri, ndipo anati masitikawo anali a kampani imene inkawakonzera makina kalekale, iwo sankadziwa n'komwe kuti alipo.

Zitenje zija Mayi Maseko anakana kuzilandira, anati amene anajambula patani ndiye mwini wake. Kutaya sindikanatha, nsalu yabwino ngati imeneyo. Ndinazitengera kunyumba, ndinaziika thonje, n'kusoka kabowo ka mawaya. Ndiwo mapilo obiriwira a maluwa achikasu amene mwakhala mukugonera zaka zonsezi, amene Tadala umati ndi oipa ndiwataye. Sindiwataya. Ndipo iwe Mphatso, pilo ija umalimbirana ndi mlongo wako mukabwera pa Khirisimasi, ukaitembenuza upeza kachitseko kakang'ono ka batani. Imeneyo ndi ya kompyuta yoyamba ija, imene Che Yusufu anaivula pansi pa tebulo. Mabatani a mapilo enawo ndinachotsa, koma lakelo ndinalisiya dala.